Ndinapuma M'malo mwa Alamu Anu

Lamlungu, 26 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi zidzukulu zanu zosamva zija. Ife kuno tilipo, koma kungoti tilipo basi, ndisakunamizeni. Musadabwe kuti ndagwira cholembera pamene foni ili m'thumba. Alamu anu masiku ano sachoka pakhomo, makoma a nyumba yathu mukuwadziwa kupyapyala kwake, ndiponso inu pafoni simulola mnzanu kumaliza chiganizo. Nkhani iyi ndikufuna muimve yonse kaye, kenako mukalipe bwinobwino.

Miyezi yonseyi mukandifunsa za matenda awo ndimayankha kuti makina akugwira ntchito. Sindimanama kwenikweni, makinawo amagwiradi ntchito. Chimene sindimanena n'chakuti amagwira pa ndani.

Mukukumbukira kuti dzina la a Chigayo munawapatsa ndinu, chaka chija munabwera kudzatichezera n'kuthawira kukhitchini ndi bulangeti lanu chifukwa cha mkonono. Inu munkangomva phokoso. Ine chimene chinkandisowetsa tulo ndi pamene phokosolo lasiya. Ankati akuliza, akuliza, mwadzidzidzi zii, chifuwa chikukankha koma mpweya osalowa. Ndinkawerenga chamumtima, ndikafika makumi awiri n'kuwagunyuza ndi chigongono, iwo n'kudzidzimuka ngati munthu wovuulidwa m'madzi, n'kuyambanso kuliza. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka 26 popanda tchuthi, ndipo eni akewo sankakhulupirira n'komwe kuti amachita zimenezi.

Chaka chatha kampani yawo inalamula kuti madalaivala onse a mabasi onyamula antchito akapimidwe. Iwo anawagoneka kuchipatala usiku umodzi atawamata mawaya thupi lonse. Adokotala anatiuza kuti akagona njira ya mpweya pakhosi imafota n'kutsekeka, moti amasiya kupuma maulendo oposa 60 pa ola limodzi. Anawonjeza kuti mapapo awo ndi otopa ndi fodya wa zaka zija komanso utsi wa kudepoti, choncho mpweya wa okosijeni umatsika kwambiri m'magazi akagona. Tinabwera kunyumba ndi makina awiri. Aang'ono amakhala pakampando pambali pa bedi, ndipo amakankha mpweya kudzera m'paipi mpaka m'masiki yovala pamphuno kuti khosi lisatsekeke. Aakulu, ofika m'bondo, a matayala anayi, ankakhala pakona n'kumasefa okosijeni, kapaipi kake kakang'ono kolumikiza ku paipi ya masiki ija. Aakuluwa anali obwereka kuchipatala, ndipo anatiuza poyera kuti pali mzere wa anthu owadikira.

Lamulo linali limodzi. M'makina aang'onowo muli kakhadi kamene kamalemba maola amene munthu wavala masiki ndi m'mene wapumira. Miyezi itatu iliyonse timapita nako kwa anesi, iwo n'kutulutsa pepala lopita kukampani. Maola akachepera anayi pa usiku, pepala palibe, ndipo popanda pepala chiwongolero sagwira. Inu mukudziwa chimene chiwongolero chili kwa munthu ameneyu. Basi ija amaitcha mkazi wamkulu ine ndikumva, amaipukuta magalasi ndi mpango wawo wa m'thumba, ndipo inenso anandipeza ndili pampando wa basi, paja munkandiseka kuti ndakwatiwa ndi hutala.

Miyezi yoyambirira zinayenda, Achemwali, moti ndinkachita kuyamika Mulungu mokweza. Ankadzuka mutu osawawa, akuimba mluzu posamba. Anayambanso kundiseka kuti ndakalamba pamene iwo abwerera ku unyamata. Ine ndinkawafunsa kuti mnyamata wanji wogona ndi chitamba ngati njovu. Tinkaseka mpaka mwana wanu, woyamba kubadwa wanga uja, atabwera kudzationa, anafunsa ngati tayamba kumwa.

Mavuto anabwera ndi kuzizira kwa mu Juni. Anayamba ndi chimfine wamba, koma mphuno zitatsekeka sizinatsegukenso. Mpweya wa makinawo umaumitsa m'mphuno, makamaka ukaphatikizana ndi okosijeni, moti m'mawa ankamina magazi. Makinawo ali ndi kathanki ka madzi kofewetsa mpweya, koma iwo anali atandichotsetsa kalekale, ati kamawadonthezera pamphuno ngati denga lothonya. Ndinafuna kuwadzoza mafuta m'mphuno, ndinakumbukira kuti anesi analetsa, ati mafuta akakumana ndi okosijeni sachedwa kuyaka. Ndiye alamu anu, ndi nzeru za kudepoti, anakagula kabotolo ka mankhwala opopera m'mphuno. Masiku atatu oyamba kanawathandizadi. Atapitiriza, mphuno zinkatseguka ola limodzi n'kutsekeka kuposa kale, iwo n'kupoperanso. Papepala lake panalembedwa kuti munthu asapitirire masiku ochepa, koma mukuwadziwa, pepala limene amawerenga ndi la mndandanda wa ntchito lokha.

Munthu mphuno zikatseka amatsegula pakamwa. Ndiye mpweya unkalowa movutikira kumphuno n'kuthawira kukamwa uli fuu, iwo n'kudzuka akuphupha, kukoka masiki n'kuiponya pansi. Ndinawapempha kuti tipite kwa anesi tikanene. Anakana kwamtuwagalu. Anati kudepoti kuli maso, dalaivala akapita kuchipatala tsiku lake lisanakwane amayamba kumuwerengera masiku, ndipo mnzawo wina amene anadandaula za maso pano akutsuka mabasi ndi ndowa. Anati chimfine sichikhalitsa, tidikire. Tinadikira, uku kagalasi ka makina m'mawa uliwonse kakutionetsa ola limodzi, maola awiri, tsiku lina mphindi makumi anayi zokha.

Apa ndiye ndikufuna muwerenge mofatsa, chifukwa nzeru yoipayi sinachokere kwa iwo. Inachokera kwa ine. Tsiku lina ataponya masiki ija, makina anangotsala akupemerera pansi, ine ndili maso kuganiza za pepala. Ndinaitola, kuipukuta ndi nsalu, n'kuivala. Poyamba ndinkaona ngati nditsamwa, koma mphuno zanga zinali zotsegula, posakhalitsa ndinazolowera. Kapaipi ka okosijeni ndinakazula n'kukaika m'mbali mwa pakamwa pawo kuti nawonso apezeko kena kake. Kutacha kagalasi kanaonetsa maola asanu ndi awiri. Iwo anayang'ana kagalasiko, anayang'ana mizere imene zingwe za masiki zinasiya m'masaya mwanga, n'kupita kukasamba. Madzulo anabwera ndi malalanje m'thumba, zimene anali asanachitepo kuyambira pamene tinakwatirana.

Kuchokera pamenepo inakhala ntchito yanga. Sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi. Iwo ankavala masiki poyamba, mwaulemu chabe, ikawakanika n'kuiika pakati pa mapilo athu m'malo moiponya pansi, ine n'kutenga. M'mawa ndinkatikita masaya ndi madzi ofunda kuti mizere ichoke anthu osoketsa zovala asanafike. Ndinkadziuza kuti ndi za sabata imodzi.

Pali china chimene chikundichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinkagona tulo, Achemwali, tulo tokoma timene sindinagonepo chilowereni m'banja. Kaphokoso ka mpweya m'masiki kankabisa mkonono wawo, ndipo pamodzi ndi mkononowo kankabisanso kuti zii kuja. Miyezi inayi yathunthu chigongono changa chinali pa tchuthi, mwamuna wanga akubanika pambali panga. Ndinanenepako, anzanga kumsika n'kumandifunsa kuti ndikudzola chiyani.

Kumapeto kwa Julaye tinapita ndi kakhadi kaja. Anesi athu ndi mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala, wolankhula mwachangu koma wamtima wabwino. Ataika kakhadi mu kompyuta anaomba m'manja. Anati sanaonepo wodwala womvera chonchi, kupuma kosalala usiku wonse, ndipo anaitana mnzawo wa chipinda china kuti adzaone. Alamu anu anangoti zyoli, anesi n'kumayesa ndi kudzichepetsa. Mphuno anali atapopera pakhomo penipeni pa chipatala, choncho mawu awo ankamveka bwinobwino. Kenako anesi anati popeza zinthu zikuyenda chotere, mwina okosijeni sakufunikanso. Anatipatsa kachipangizo kopana pachala, koyeza okosijeni m'magazi, kuti agone nako usiku umodzi makina aakulu atazimitsidwa, tikabweze m'mawa. Pamenepo ndikanalankhula. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma alamu anu anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Kunyumba anakapana pachala chawo ali khale pabedi, kanaonetsa 89. Anesi anali atanena kuti manambalawo sayenera kutsika pansi pa 90. Atangoyamba kusinza manambala anayamba kugwa ine ndikuona, 84, 80, 76. Ndinawadzutsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakavula n'kunditambasulira dzanja.

"Munayamba nokha, mayi," anatero. "Malizani."

Ndinamaliza. Chala changa chinaonetsa 97 mpaka kucha. Mphindi zoyambirira zija anesi anaziona, koma anati mwina kachipangizo kanali kasanakhale bwino pachala, zimachitika.

Patapita sabata ziwiri kunabwera amuna awiri a kuchipatala ndi galimoto. Anati tikuyamikireni, mwachira, makinawa akupita kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene wawadikira kuyambira Janyuwale. Anakulunga waya, kukankha makina pa matayala ake mpaka pakhomo, ine n'kuwagwirira chitseko. Ndinawapatsanso madzi akumwa. Ndi tsiku lomwe lija munaimba foni madzulo ine n'kukuuzani nkhani yabwinoyo. Munati Mulungu ndi wamkulu, kenako n'kufunsa kuti, msanga chonchi? Ndinanamizira kuti mphika ukupserera n'kudula foni. Pakona paja panatsala timadontho tinayi pamene panali matayala, ndakolopa kangapo koma sitikuchoka.

Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Kuzizira kunatha koma mphuno sizinatseguke, tibotolo topopera tinadzaza kabati. Tsopano analibe masiki, analibenso ngakhale kapaipi kaja ka pakamwa. Mapazi anayamba kutupa. Nsapato za yunifolomu ankavala osamanga zingwe, kenako ndinafutukula miyendo ya thalauza lawo pa makina anga osokera kuti anthu asaone. Ankadzuka akugwira mutu, milomo itada ngati ya munthu wozizidwa, ndipo kawiri anagwetsa kapu ya tiyi atasinza ali pakati pondiyankha. Ine ndinkatola zidutswa n'kumavalabe masiki yanga mokhulupirika, chifukwa pepala la Okutobala linali kutsogolo.

Lachinayi lomaliza la Seputembala ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndikapereke pafupi ndi fakitale imene iwo amanyamulako antchito. Pobwerera ndinati ndidikire basi yawo. Anadabwa kundiona, koma anandilozera mpando wa kumbuyo kwawo penipeni. Munalowa anthu oposa makumi anayi, otopa, ena akusinza asanakhale n'komwe. Pafupi nane panakhala mayi wina woyembekezera, wosandidziwa.

Pa maloboti oyamba tinapeza ofiira. Basi itaima mutu wawo unagwera pachifuwa. Atasintha, magalimoto a kumbuyo anayamba kuliza mahutala, ndipo mayi uja anatulutsa kiyi n'kugogoda pachitsulo cha mpando, ngo ngo ngo. Alamu anu anadzidzimuka n'kunyamuka. M'basi anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa chinthu chozolowereka. Mayiyo anandinong'oneza kuti ndisaope, amatero tsiku lililonse, ndipo onse anagwirizana kuti wokhala kutsogolo ndiye wogogoda. Anati kwa mabwana sanganene, chifukwa adalaivala awa ndi munthu wabwino, amadikira ochedwa, satukwana. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti owabisa si ine ndekha, tilipo basi yathunthu.

Mukadutsa mlatho pali mtsetse, ndipo kumunsi kwake kuli siteji pamene anthu amadikira maminibasi. Ndinkawayang'ana pagalasi la pamwamba lija. Ndinaona zikope zikutsika pang'onopang'ono, manja ali pachiwongolero koma opanda mwini. Basi inayamba kupatuka kulunjika pa anthu aja. Mayi wa kiyi anali akuyang'ana foni. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji, ndinangoona ndawamenya ndi chigongono paphewa, mwamphamvu kuposa m'mene ndinachitirapo pabedi. Anakhotetsa, tayala linakhula m'mphepete mwa msewu, bambo wina pasiteji analumphira m'ngalande ndi katundu wake. Palibe anavulala. Mayi woyembekezera uja anagwira mimba yake ndi manja onse awiri mpaka pamene anatsika.

Kunyumba anayamba ndi iwo. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu awo, ati anali maso, ankazemba dzenje. Ine ndinali ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinawauza kuti masiki sindivalanso, ndipo ndikupita kukanena zonse. Anakhala pampando, mapazi otupa aja ali m'beseni, n'kuyamba kundiwerengera. Zaka 31 pamsewu osakanda ngakhale galimoto ya munthu. Zaka ziwiri zokha kuti apume ntchito mwaulemu, anzawo atawaombera m'manja. Anafunsa kuti munthu ngati iwo akachoka pachiwongolero amakhala ndani.

"Mukakanena, mwandipha ndinu," anatero, osakweza mawu.

"Ndikapanda kunena ndakuphani kale, bambo," ndinayankha. "Kwatsala n'kuti mutenge ndi ana a eni."

Amenewo ndi mawu omaliza amene tinalankhulana ngati mwamuna ndi mkazi wake.

Ndinakhala masiku atatu ndikulimbana ndi mtima. Kangapo ndinatenga foni kuti ndikuimbireni, inu amene mwagwira unesi mpaka imvi, koma ndinkadziwa chimene munene, ndipo ndinkachita manyazi kuti mudziwe kuti mng'ono wa nesi angachite zopusa chotere. Lachisanu anapita kuntchito, ine tsiku lonse khutu lili kumsewu, singano kundibaya kawiri chala chimodzimodzi. Lolemba atangotuluka ndinazula kakhadi, kukamanga pakona ya mpango, n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala kuti ndipeze nthawi yosintha maganizo. Sindinasinthe.

Anesi anandilandira akumwetulira, kufunsa za wodwala wawo wachitsanzo. Ndinaika kakhadi patebulo n'kunena kuti kupuma konse kuli m'menemo kuyambira Juni ndi kwanga, ndipo chala chija chinali changanso. Anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa chimene chinayambitsa, ine n'kunena kuti mphuno. Anabwereza mawuwo, mphuno, ngati sanamve bwino. Kenako anaimirira, kutsegula kabati ya kumbuyo kwawo, n'kutulutsa masiki ina yokulirapo, yophimba mphuno ndi pakamwa pamodzi, ikadali m'pulasitiki yake.

"Iyi yakhala muno chaka chonse, mayi," anatero. "Mukanangonena kuti mphuno zatseka, mukanapita nayo tsiku lomwelo."

Anapitiriza kufotokoza kuti mankhwala opopera aja akapitirira masiku ndi amene amatupitsa m'mphuno, kuti kathanki ka madzi kanayenera kubwezeretsedwa n'kungochepetsa kutentha kwake, kuti madzi a mchere otsukira m'mphuno akanathandiza. Zinthu zazing'onozing'ono, Achemwali, zoti inu mukanandiuza pafoni uku mukusenda mbatata. Ine ndinkangoyang'ana masiki ija. Ndinalira ngati pamaliro, anesi n'kutseka chitseko kuti a pamzere asaone.

Anandiuza mosabisa kuti ayenera kudziwitsa adokotala, ndipo pepala la kukampani alibweza. Tsiku lomwelo masana alamu anu anawatsitsa m'basi kudepoti anzawo akuona. Anawagoneka m'chipatala masiku asanu. Atangowaika pa okosijeni, ola lisanathe milomo inabwerera mtundu wake, ndipo ndinaona ndi maso chimene ndinagwirira chitseko kuti chituluke m'nyumba mwanga. Ndikawabweretsera chakudya ankatembenukira kukhoma, ndikatuluka n'kudya. Adokotala anati mtima wawo, mbali ya kumanja, watopa ndi kukankha magazi m'mapapo opanda mpweya wokwanira, n'chifukwa chake mapazi akutupa. Ndinafunsa ngati udzabwerera mwakale. Anati tiona, ndipo inu mukudziwa kuposa ine tanthauzo la tiona wa adokotala.

Za makina aakulu anati sangakalande kwa mphunzitsi uja, nayenso akupumira momwemo. Ndipo ndinawaona makinawo, Achemwali. Tsiku lachitatu ndili m'khonde la chipatala ndinakumana ndi mayi wachikulire akuwakankha, atabwera nawo kuti awasinthe sefa. Ndinawazindikira ndi kansalu kofiira kamene ndinasokera pachogwirira chake. Anakanika kuwakweza pa sitepe, ndiye ndinamugwirira mbali imodzi. Anandithokoza, n'kundiuza mosafunsidwa kuti chibwerereni makinawa amuna ake amagona ngati khanda, ndipo amapempherera tsiku lililonse munthu amene anachira n'kuwasiyira. Ndinangoti ameni. Ife anatilemba pamzere kachiwiri, pa nambala 11. Sabata ino tafika pa 8, ndipo sindifuna kuganiza kuti atatuwo achoka bwanji pamzerepo.

Pano ali pakhomo. Kukampani anati akhale miyezi isanu ndi umodzi adzaonanso, koma basi yawo anapatsa kale wina. Yunifolomu ndinaichapa, kuisita, n'kuipachika kuseri kwa chitseko, iwo anaitembenuza kuti baji iyang'ane kukhoma. Amakhala pakhonde kuyambira m'mawa, wailesi ili pamwendo yosatsegula. Ikamakwana hafu faifi, nthawi imene basi ija imadutsa kumapeto kwa msewu wathu, amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Antchito ena anabwera kudzawaona, ndi mayi wa kiyi uja yemwe. Anawalandira bwino, kuseka nawo, kuwaperekeza mpaka pageti. Pobwerera anandidutsa ngati mpando.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo sakana. M'mawa ndi madzulo ndimawiritsa madzi, kuwaziziritsa, kusungunulamo mchere monga anandiphunzitsira anesi, iwo n'kuwerama pabeseni ine ndikuwatsuka m'mphuno. Dzanja langa limakhala pankhongo pawo, ndimamva kutentha kwa thupi lawo, koma mawu ayi. Tibotolo tija ndinataya tonse. Sabata ziwiri zoyamba mphuno zinatsekeratu, anavutika koopsa, pano zayamba kutseguka mbali imodzi. Masiki yatsopano amavala okha, kathanki ndimathira madzi ine. Inawasupula pamwamba pa mphuno, ndiye ndinasoka kansalu kofewa kotchinga pamenepo n'kukasiya papilo, m'mawa ndinapeza akavala. Kagalasi kakuonetsa maola asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi, ndipo ndi awoawo. Koma popanda okosijeni milomo imadzukabe yakuda. Ine tulo tija tinapita. Mkonono kulibe tsopano, ndiye ndimangoyang'ana chifuwa chawo ngati chikukwera, chigongono chili chire.

Akafuna kanthu amauza mwana wanu pafoni, iye n'kundiimbira ine, tili m'nyumba imodzi. Mwanayo wandifunsa kawiri kuti chachitika n'chiyani, ndangomuuza kuti bambo ake akudwala. Iwonso sanamuuze. Ndiye tikadali ndi chinsinsi chimodzi chimene tikusunga limodzi.

Ndikuopa, Achemwali. Ndikuopa kuti adzapita asanandikhululukire. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ali ndi zifukwa ziwiri zondikwiyira, koma asankha cholakwika. Akundida chifukwa ndinanena. Za miyezi inayi imene ndinagona tulo iwo akubanika, imeneyo sandiimba mlandu, ndimadziimba ndekha ndikakhala pamakina osokera.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Choyamba, mundiuze zoona za mtimawu, monga nesi osati monga mkulu wanga, ngati munthu amakhala nawo zaka kapena ndiyambe kudzikonzekeretsa. Chachiwiri, bwerani. Musanyamule kanthu. Ndinu nokha amene mumawatcha a Chigayo iwo n'kuseka, mwina mukawakalipira ngati kale pakamwa padzatseguka. Mukhoza kutikalipira tonse awiri pamodzi, mpando wautali uja umatikwana. Ndipo za kuthawira kukhitchini musadandaule, m'nyumba muno tsopano muli zii woti mudzagona mpaka kutopa nato tulo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asasiye kumwa mankhwala awo a shuga. Zidzukulu muzipatse moni wanga, wamng'ono uja ndamudulira diresi koma ndikudikira muyeso. Mwana wanu akupereka moni, anachita kunena yekha dzulo.

Zaka zonsezi, kaya pafoni kaya m'kalata, pomaliza ndimati alamu anu akupereka moni, ngakhale pamene ali kuntchito osadziwa n'komwe kuti ndikulankhula nanu. Lero m'mawa, nditamaliza kuwatsuka m'mphuno, ndinawauza kuti ndikukulemberani zonse, n'kufunsa ngati ndiikepo moni wawo. Anapukuta kumaso, kupinda thaulo bwinobwino, n'kutuluka. Ndikanatha kungolemba monga mwa nthawi zonse, inu simukanadziwa. Koma ndinawapumira miyezi inayi ndipo mwaona kumene zatifikitsa, sindiwalankhuliranso. Ndasiya mpata pansi pa tsamba lino. Kalatayi ndiisiya patebulo pamodzi ndi cholembera mpaka mawa masana pamene ndipite kukaitumiza. Mukapeza mpatawo uli woyera, musandifunse pafoni. Mungobwera.

Ine mng'ono wanu wokukondani,
mzime wa amayi.